Mkono Wochapira

Pamzere wa katemera wa chimfine kuchipatala, agogo awiri osadziwana anakhala pabenchi imodzi.

"Mayi, jakisoni ameneyu sativulaza ife okalamba?"

"Ayi bambo, ine ndimabayitsa chaka chilichonse. Mkono umangowawa masiku awiri, thupi n'kutentha pang'ono. Anamwino amati ndiye kuti thupi likuphunzira kulimbana ndi chimfinecho."

"Masiku awiri okha?"

"Eya. Koma ine ndimapereka mkono wamanja, wochapira uwu. Ndikafika kunyumba ndimanena kuti uwawa sabata yathunthu, amuna anga n'kumachapa okha."

Bambo aja anayang'ana zikhatho zawo.

"Akazi anga anabayitsa mwezi watha. Mpaka lero wochapa ndine."

"Musadandaule bambo. Ndiye kuti iwowo katemera wawagwira bwino kwambiri."