Khadi ya Mayi a Tiwonge

"Khadi iyi ndi ya munthu wamkazi, bambo! Inu ndinu wamkazi?"

Anandikalipira choncho ndi manijala wa sitolo ina pa Boma, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga.

Abale ndi alongo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Monire mose. Ine ndine Gondwe wa ku Mwazisi. Ambiri mumandidziwa ndi mkwiyo wanga, ndipo sindikana.

Mkazi wanga, mayi a Tiwonge, anali mphunzitsi. Kwawo ku Dedza. Boma linawatumiza kuno, ine n'kuwapeza, tinakhala bwino. Atagonekedwa m'chipatala anandipatsa khadi yawo ya ku banki, n'kundinong'oneza nambala yachinsinsi kuti ndizikagula zofunika. Anamwalira mvula ikutha. Pamaliro sindinalire. Anthu ankati Gondwe ndi mwamuna wolimba mtima. Sikunali kulimba. Sindinkamva kanthu basi, ngati mwendo ukachita dzanzi.

Ku banki sindinakanene. Mwezi ukatha ndinkakwera matola kupita ku Boma, kukagula zomwe iwo ankagula. Shuga, masamba a tiyi, sopo, ndi mafuta awo odzola. Mafutawo ndinkangowandanditsa pawindo osatsegula. Ndikalowetsa khadi m'kamakina, kudina nambala, kapepala n'kutuluka, dzina lawo lili pamenepo. Ndinkapinda kapepalako n'kuika m'thumba. Musandifunse chifukwa chake. Sindidziwa.

Tsiku limenelo inali nyengo yogulitsa fodya. Akuba anali atayamba kubera alimi makhadi, ndiye sitoloyo inaika lamulo lakuti dzina la pakhadi lizifanana ndi la pachiphaso cha unzika. Mayi wa patili anatenga khadi n'kuti, "Chiphaso, dada."

Ndinamupatsa. Anayang'ana uku, anayang'ana uku.

"Mwini wake ali kuti?"

Ndinati, "Nambala ndikuidziwa. Lowetsani."

"Sindingalowetse, dada. Mwini wake ali kuti?"

Ndinamenya tebulo, shuga n'kugwa pansi n'kuphulika. Ndinamutukwana mayiyo. Mawu ake sindingawabwereze muno m'nyumba ya Mulungu. Mpamene manijala anabwera akukuwa. Mlonda anandigwira lamba wa buluku kumbuyo, momwe amagwirira wakuba pamsika. Bambo wina pamzere anati, "Ndi amenewa akutimaliza. Jekete labwinobwino chonchi, kumbali akuba."

Manijala anatulutsa foni kuti aitane apolisi. Mkwiyo unangozima. Ndinaganiza za Tiwonge, mwana wanga wa fomu 3, atangoika mayi ake m'manda, kenako amve kusukulu kuti bambo ake agona m'chitokosi chifukwa cha kuba. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kuyankhula. Pakamwa sipankatseguka.

Mayi uja, yemwe ndinamutukwanayo, anawerenganso dzina lija. Anati, "A manijala, tadikirani. Madamu awa anandiphunzitsa sitandade 6 ku Mwazisi." Anatembenukira kwa ine. "Dada, ndinu amuna awo? Aimbireni foni basi, anene okha, nkhani ithe."

Abale, miyezi yonseyo mawu onena za imfa yawo anali asanatuluke pakamwa panga. Uthenga wa maliro ku Dedza anatumiza ndi achimwene anga. Wondipepesa ndinkangomugwedezera mutu.

Ndinati, "Anamwalira."

Mlonda anasiya lamba. Mayi uja anakhala pansi, anaphimba nkhope ndi manja. Analira ndi iyeyo. Ine ndinkangoyang'ana shuga ali mbwee pasimenti.

Manijala anabweza foni m'thumba. "Pepani chomene, dada. Koma mukudziwa kuti ndi mlandu? Khadi ya womwalira sitigulira. Za m'menemo ndi za ana, zili ndi njira yake." Ankafuna kuisunga khadiyo. Mayi uja anaitenga n'kundipatira m'manja. Anati, "Mukaipereke nokha."

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha lamulo lomwe ndinalitukwana lija. Ndikuthokoza chifukwa cha mayi amene anandikaniza kawiri osachita mantha. Ndinapita kukamupepesa, anandikhululukira. Yewo, Ambuye. Sindinama kuti ndasanduka mngelo. Mkwiyo ulipobe, funsani anansi anga. Kulira sindinalirebe bwinobwino. Koma ndimalima, ndimadya, ndimabwera muno Lamlungu. Ana akatchula mayi awo sindituluka panja, ndimakhala pomwepo n'kuwayankha. Kwa ine zimenezo ndi zazikulu.

M'mawa mwake mwa tsiku lija ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa kalata ya imfa ya kuchipatala yomwe ndinali ndisanaiwerengepo. Ndinakwera galimoto yoyamba. Ku banki ndinaima pamzere osakangana ndi munthu. Kalaliki anawerenga kalata, anadula khadi ija ndi sizasi ine ndikuona, n'kundipatsa fomu. Panali polemba ubale wanga ndi womwalirayo. Ndinabwereka cholembera, ndinalemba kuti mwamuna wake.