Kaphukusi ka Apongozi Pansi pa Mpando wa Lole

Moni Bambo wansembe, moni akulu a mpingo, moni amayi ndi abambo nonse. Inu ana kumbuyoko, takhalani chete pang'ono, sinditalikitsa ayi. Ndikufuna kuchitira umboni. Koma mundikhululukire ndikamayang'ana mbali ino ya abambo yokhayokha; chifukwa chake muchimva ndisanakhale pansi.

Mukundidziwa. Ndine bambo ake a Marita, dalaivala wa lole ya a Saidi, ija imanyamula mpunga kuchokera pa Kotakota pano kukwera nawo kumtunda. Mukudziwanso kuti pa mkeka wa amayi apo, pafupi ndi zenera, pali malo amene simukhalapo. Mumangowalambalala. Ndi malo a akazi anga, amake Marita. Chiwatengereni ku chipatala cha akhate kumapiri kuja, mvula yagwa, yakata, yagwanso. Marita anamusiya ali kumsana. Lero akupita yekha kumadzi ndi kachidebe.

Abale anga, ndimawasowa akazi anga. Sindichita manyazi kunena. Ndimawasowa. Ndimasowa ngakhale kulongolola kwawo ndikalowa m'nyumba ndi nsapato zamatope.

Koma Mulungu anandisiyira kampata. Msewu wa mpunga umadutsa pafupi ndi chipatala chija. Ndikanyamuka kuno m'mawa, ndimafika kumeneko dzuwa litapendeka. Ndimaimika lole pachipata, iwo n'kubwera kudzakhala pa chipika pansi pa mtengo wa muwanga, ine pa chipika china chapatali. Kugwirana chanza n'koletsedwa. Timangocheza. Amandifunsa ngati Marita wayamba kulankhula, ngati nyanja yadzaza, ngati mgwalangwa wa kudooko ukadalipo. Ine ndimagona mu lole momwemo, m'mawa n'kupitiriza ulendo. Moyo wa banja lathu ndi umenewo, abale, chipika ndi chipika.

Tsono chitafika chisanu cha mwezi wa Juni, mavuto anayamba. Inu a kunyanja kuno mumati kwazizira mwera ukawomba. Ha! Simunakuone kuzizira. Kumapiri kuja nkhungu imakuta mpaka osaona mphuno ya lole, chitsulo chikuchita kuluma m'manja. Tsiku lina m'mawa pachipatala paja ndaponda sitata, injini inangoti ngwe... ngwe... basi zii. Batire latha moto. Ndinatenga hendulo kupukusa mpaka phewa kuwawa, osalira. Chonsecho dzulo lake ndayenda tsiku lonse, dainamo ikudzaza moto bwinobwino.

Mukudziwa amene anandikankha? Odwala. Anthu ena zala zinatha, ankakankha ndi mapewa. Ndinasuzumira pawindo n'kuona amake Marita ali pakati pawo, atatsamiritsa msana kumbuyo kwa lole, akukankha galimoto yoti indichotse pamaso pawo. Italira sindikanaima, ikanazimanso. Ndinangotulutsa mkono. Sindinatsanzike n'komwe. Misozi inatsika mpaka ndafika pamlatho.

Ulendo wotsatira, chimodzimodzi. Winawo, chimodzimodzi. Kunyanja kuno kukatentha lole imalira kamodzi n'kamodzi, koma ikangogona mu nkhungu, m'mawa yafa.

Musaganize kuti ndinangokhala manja lende. Ndinafufuza, abale. Ndinagwira lamba wa dainamo, ndinamupeza wolimba, komabe ndinamukunga. Ndinatsegula tizivindikiro ta batire kuona madzi, analimo okwanira, amvula enieni amene ndimasunga m'botolo. Ndinapala mitu yake ndi mpeni mpaka kuwala, ndinamanga mawaya. Nyale ndinkazima, n'kutsikanso kukazungulira lole kuti nditsimikize. Ndinkafunditsa injini masaka ngati munthu wamalungo. Makaniko wa ku boma anayesa dainamo, anati ili bwino, mwina batire lakalamba, chifukwa batire lokalamba silipirira chisanu. A Saidi anabweretsa lina latsopano. Poyamba linachita bwino, ine n'kumati zatha. Posakhalitsa nalonso linayamba kugona m'mawa.

Anthu anayamba kulankhula. Ena a inu muli pano, sinditchula maina, ndikukuonani mukuyang'ana pansi. Munkati loleyo ikukana malo a akhate. Ena munkati winawake waitchera. Wina anandiuza kuti ndipite kwa sing'anga akaitsirike. Ndinakana, koma kunena zoona mtima wanga unali utalefuka.

Kenaka a Saidi anandiitana pakhonde pawo. Munthu uja ndi Msilamu, koma sanandichitepo nkhanza, amadziwa za akazi anga. Anati, "Bambo a Marita, wallahi ndikukumverani chisoni. Koma mpunga ukufika mochedwa, ogula akudandaula. Ulendo uno ikakafanso kumapiri, lole ndiichotsa pa msewu umenewo. Mpunga uzipita pa sitima, inu muzingotuta kuchokera m'madambo kufikitsa kudooko."

Mwamva, abale? Ntchito sikanatha. Chakudya sichikanasowa. Koma amake Marita ndikanawaona liti? Wapansi ndi ulendo wamasiku, kudutsa m'nkhalango ya njovu ndi mikango. Ndinalowa m'tchalitchi muno Lachitatu masana, munalibe munthu. Ndinagwada apo. Ndinati, "Ambuye, sindikupempha chuma. Sindikupemphanso kuti muwachiritse lero, nthawi yake mukuidziwa ndinu. Ndikupempha chipika chija basi. Musandilande chipika chija."

Tsopano mumvetsere bwino, apa ndi pamene pali nkhani. Apongozi anga, amayi awo a amake Marita, ulendo uliwonse ankatumizira mwana wawo kaphukusi. Munthu wa kunyanja sapita kukaona wodwala chimanjamanja. Ankang'amba chambo, n'kuchithira mchere wambiri kuti chisaonongeke panjira, n'kuikamonso mchere wina wapadera poti kuchipatalako ndiwo sizikolera. Zonsezi ankakulunga m'kansalu, chidutswa cha nsalu ya mwana wawo yemwe. Koma inu mukudziwa mwambo wathu: mkamwini ndi apongozi timathawana. Tikakumana panjira iwo amapatukira patchire, ine kwina. Chikwatirireni sindinaonepo nkhope yawo bwinobwino. Ndiye kaphukusi sakanandipatsa pamanja. Ankadikira ndalowa m'nyumba kukamwa phala, iwo n'kutsegula chitseko cha lole mwakachetechete, kutukula mpando, n'kukaika pansi pake poti makoswe ndi akhwangwala asakapeze. Pansi pa mpandopo ndi pamene pamakhala batire. Ine ndinkangokapeza pamenepo n'kukapereka. Sindinaganizepo kanthu. Nsomba ndi galimoto zikugwirizana pati?

Ulendo wotsiriza uja ndinafika mtima uli m'mwamba. Sindinawauze zimene a Saidi ananena. Ndinaika kaphukusi pa udzu pakati pathu monga mwa nthawi zonse, iwo anakatola. Koma sanamasule. Anangokatembenuzatembenuza. Kenaka anati, "Bambo a Marita, mundiuze zoona. Kodi amayi atopa nane?"

Ndinati, "Iii, mwatani kodi? Bwanji mukutero?"

Anati, "Taonani nsaluyi. Ulendo uliwonse ikubwera yobookabooka, yonyowa, ngati ya pa dzala. Nsalu iyi ndi ija munandigulira pa ubatizo wa Marita, ndinaisiya yabwinobwino. Kapena akuti poti ndine wakhate, nsanza zindikwanira?"

Anaitambasula m'mwamba. Dzuwa linkadutsa m'mabowomo. Abale, ine ndagwira ntchito ya galimoto kuyambira ndili mnyamata, mabowo amenewo ndimawadziwa. Si a njenjete, si a makoswe. Buluku langa lantchito lili nawo. Ndi mabowo a asidi wa batire.

Ndinanyamuka, kuthamangira ku lole, n'kutukula mpando. Pamwamba pa batire, pakati pa mitu iwiri ija, panali chinyontho chonata. Kale ndinkachiona, ndinkati ndi mame a nkhungu, n'kungopukuta mitu yokha. Tsiku limenelo ndinakhudza ndi chala n'kulawa kunsonga kwa lilime. Mchere! Mchere wa apongozi anga! Amayi, inu mukudziwa zimene mchere umachita m'chigulu nyengo yachinyontho, umanyowa wokha n'kumadontha. Kuno kukatentha umauma, osavuta. Koma lole ikamakwera kulowa mu nkhungu, kaphukusi kankachita thukuta n'kudonthezera pa batire. Madzi amcherewo ankalumikiza mitu iwiri ija, moto n'kumatuluka pang'onopang'ono mpaka m'mawa. Chisanu chinkangodzamaliza batire lofooka kale.

Ndinaseka, abale, ndinaseka misozi ikutuluka. Amake Marita ankaganiza kuti ndapenga. Ndinawakuwira kuti, "Amayi sanatope nanu! Nsalu amaipereka yabwino, ndi lole yanga imene ikuidya!" Anakhala pansi pa udzu, nsalu ija kumaso, kulira.

Amayi ena odwala anandiphikira madzi, anandichezera chidulo ngati cha thelere. Ndinatsuka nacho pamwamba pa batire, chinachita thovu, ndinatsukuluza ndi madzi otentha, kupukuta mpaka gwa, mitu n'kuipaka girisi. M'mawa nkhungu inali yoposa masiku onse. Odwala anali atasonkhana kale kumbuyo kwa lole, mapewa ali chire. Ndinati, "Taimani kaye." Ndinatchula dzina la Yesu, ndinaponda sitata kamodzi. Inalira! Inalira, abale! Ndinaisiya ikulira, n'kutsika. Tsiku limenelo ndinatsanzika ngati munthu, ndinaima patsogolo pa akazi anga mpaka mawu onse anatha. Kuchokera pamenepo sinafenso, ndipo a Saidi anati msewu ndi wanga.

Mulungu anandiyankha kudzera m'mabowo a nsalu. Ine ndinkafufuza m'mawaya, Iye anaika yankho m'manja mwa munthu amene manja ake akudwala.

Koma patsala kanthu kamodzi, ndiko kandiimiritsa pano. Nkhaniyi inafika kumudzi ine ndisanafike, ndipo inafika yokhota. Wina anakauza apongozi anga kuti nsomba zawo ndizo zinkapha lole, pang'onong'ono mwana wawo asiye kuonedwa chifukwa cha iwo. Chimvereni zimenezo sanabwerenso ku lole. Maulendo apitawa ndatukula mpando, palibe kanthu. Ndinagula chambo kudooko n'kupita nacho, koma amake Marita atangolawa anati, "Awa si manja a amayi." Ndinatuma mlamu wanga kukafotokozera apongozi, anangomuyankha kuti asawanyengerere.

Ine sindingathe kupita kukaima pamaso pawo. Mwambo sulola. Koma ndikudziwa kuti ali muno, kumbuyo kwenikweni mbali ya amayi, kumene sindikuyang'anako. Ndiye ndilankhula ndi khoma ili, iwo amve.

Amayi, simunalakwe. Mukanapanda kukulunga nsomba m'nsalu ya mwana wanu, bwenzi lero ndikututa mpunga kudooko. Ndakhoma kabokosi kamatabwa kumbuyo kwa mpando, kutali ndi batire, kali ndi chivindikiro, khoswe sangalowe. Lachiwiri ndinyamuka. Ndidzalowa m'nyumba kukamwa phala, ndipo ndidzamwa pang'onopang'ono. Chitseko cha lole ndidzachisiya chosakhoma. Mwana wanu akudikira mchere wa m'manja mwanu.

Zikomo Bambo wansembe pondipatsa mpata. Zikomo Ambuye Yesu pondisungira chipika chija. Malo aja pafupi ndi zenera musawakhalebe, mwini wake adzabwera. Tsono kondwerani nane, abale, imbani nane. Amayi nonse, nthungululu ikhale yamphamvu, kuti wina amene akulira kumbuyoko asachite manyazi.