Ana a Sukulu Alowa mu Thilanki

— Halo? A Wilson?

— Eya, a Modesta! Mwaswera bwanji ku Chileka?

— Ndaswera, kaya inu? Alamu ndi ana?

— Onse ali bwino. Kuno ku Lirangwe ndi dzuwa basi. Nanga mayi, mwendo uja?

— Ukuchepako. Dikirani, ndege ikutera... Eya. Aphunzitsi, mayunitsi anga ndi ochepa. Ana anu a kompyuta aja, khodi imene amalemba pa pulogalamu yathu ya sikelo akumaiika kuti?

— Mu thilanki.

— Mu thilanki! M'thunthu lenileni, momwe pulogalamu imatengamo mauthenga opita kwa amayi a sikelo?

— Eya. Ndinawauza ndine.

— Tinagwirizana chiyani? Wophunzira aliyense bulanchi yake, nthambi yapadera yoyesererapo, ine wosamala pulogalamu ndione kaye, kenako ndiphatikize ku thilanki.

— Mabulanchi anuwo amangouma, achemwali. Mwana alembe, adikire inu, netiweki yathu ino yokwerera pachulu. Pofika poti muone, teremu yatha. Mwana amafuna aone chinthu chake chikugwira ntchito.

— Chagwiratu ntchito. Zikomo kwambiri.

— Bwanji kodi?

— Wina wasintha tsiku poyeserera, osabwezeretsa. Dzulo uthenga wapita kwa amayi onse kuti sikelo ndi lero.

— Lero? Si Lachinayi?

— Mukawauze iwowo. Ayenda wapansi kuchokera kwa Kuntaja, ana kumsana, ena osadya, kukapeza pamthunzi pa sikelo paja pali mbuzi zokha. Mayi wina walavula malovu pafupi ndi phazi langa, mwana akulira. Ndanyansidwa, a Wilson.

— Pepani... Koma ndani mwa anawo?

— Mukufunsa ine? Laputopu imodzi, pasiwedi imodzi, chilichonse chimene asintha n'kutumiza chikutuluka ndi dzina lanu.

— Komatu kulakwa n'kuphunzira komwe.

— Aziphunzirira pamsana pa mayi wa khanda? Anamwino anenetsa kuti zikachitikanso, abwerera kolengeza m'matchalitchi, pulogalamu yathu aitaye. Kuyambira lero, mabulanchi. Thilanki ndiikiya ndikangofika pakompyuta.

— Panopa muli kuti?

— Pa siteji, kudikira minibasi.

— Mmm.

— "Mmm" wa chiyani?

— Ayi... kungoti masana Loveness, wa folomu folo uja, anati waona kuti pa masiku sipali bwino. Ndamusiyira laputopu kuti akonze.

— Akonzere kuti?

— Mmene amachitiramo masiku onse.

— Thamangani mukamulande!

— Ndili kumsika, kusukulu n'kutali. Koma Loveness ndi mwana wanzeru, a Mode...

— Dikirani, yalowa meseji ya pulogalamu.

— Halo?

— "Amayi, sikelo ndi mawa. Musachedwe." Mawa ndi Lachitatu, a Wilson. Anamwino akakhala ku Madziabango.

— Halo? Mukudukaduka, achemwali...

— Musanamizire netiweki! Akaime pamthunzi paja mawa ndani, ine? Halo? A Wilson!