Bere la mbuzi

Pasiteji ya Mitundu, minibasi ya ku Lilongwe ikuchedwa kudzaza, bambo wina anamaliza kudya kanyenya n'kuponya pansi kajumbo kake. Mayi amene anaima pambali pake sanapirire.

"Bambo, tolani chonde. Chinandiphera mbuzi n'chimenecho."

"Jumbo kupha mbuzi, mayi?"

"Mimba inakula, ife n'kumati ili ndi bere, mwina mapasa. Ogula tinkawabweza. Nthawi yoswa inadutsa, mbuzi ikungowonda, msipu osaufuna. Amuna anga mpaka anakatukwana achimwene awo pagulu kuti ailodza."

"Aaa! Ndiye zinatha bwanji?"

"Itafa tinaitumbula. Mwana munalibemo. Munali majumbo okhaokha, opotana ngati chingwe, odzaza ndowa."

"Mayo ine! Ndowa yathunthu? Inkawadya kuti?"

"Kudzala kwathu komwe. Inkatsata mchere wotsalira m'majumbo a tchipisi ndi kanyenya, ngati kanu aka."

"Zoopsa! Nanga achimwene aja munawapepesa?"

"Amuna anga anapita, ndowa ija ili m'manja. Achimwene anangosuzumiramo n'kunena kuti, 'Mfiti yanu mwaipeza. Itukwaneninso pagulu.' Mpaka lero pakhomo pathu saponda."