Mmene Ndinachirira Nthenda Yodontha Mkodzo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Zimene ndikuuzeni lero ndinazibisa zaka zambiri, ndipo ngakhale pano lilime likundilemera. Ine ndinadwala nthenda yodontha mkodzo osaleka.

Kwathu ndi ku Mulanje, koma tinabwera kuno kunyanja chifukwa amuna anga ankacheka mitengo ya labala ku esiteti, chakufupi ndi Chintheche. Inali nthawi ya chipani chimodzi. Mimba yanga yoyamba inavuta, mwana anabadwa atafa kale, ndipo kuyambira pamenepo nsalu yanga sinaumenso. Ndinkavala nsanza, kuchapa, kuvalanso, koma fungo silibisika. Kutchalitchi ndinayamba kukhala kumbuyo, kenako panja pansi pa zenera, mapeto ake ndinangosiya. Amayi anzanga akamapita konyika chinangwa, ine ndinkadikira kuti abwereko kaye.

Tsiku lina amayi atcheyamani anabwera ndi anzawo kudzafunsa chifukwa chimene sindinkapitira kokonzekera magule a chipani. Masiku amenewo kujomba kotere kunkatha kuchotsetsa mwamuna ntchito. Ndinangoimirira, iwo n'kudzionera okha pamphasa pomwe ndinakhala. Palibe amene ananyoza, anatuluka mwakachetechete, koma ine ndinagwada n'kupempha Mulungu kuti angonditenga.

Iye anayankha mwa njira ina. Kachipatala ka mishoni komwe tinkapita kanali ndi namwino mmodzi, mayi wachitonga, amene anali atandiuza mosabisa kuti zanga sangazithe. Koma kachipatalako kanali m'bungwe lina lomwe linkasonkhanitsa zipatala za mipingo yosiyanasiyana, kuzilankhulira kuboma ndi kuzithandiza kupeza mankhwala. A bungwelo atabwera kudzayendera, namwinoyo anawafotokozera za ine osatchula dzina. Iwo ankadziwa zimene ife sitikanadziwa, kuti chipatala cha mpingo wina, kutali kumapiri, chinali chitalandira dokotala wodziwa kusoka matenda otere.

Namwino anafika yekha kwathu. "Amama, konzekani, malo apezeka."

"Ife si a mpingo umenewo," ndinatero. "Nanga m'galimoto ndikhala bwanji ndi anthu?"

"Zipatala zinagwirizana kale, wodwala safunsidwa mpingo. Pambali panu ndikhala ndine."

Anachitadi zomwezo. Ku wodi ndinapeza amayi ena a nthenda yomweyi, ine amene ndinkayesa kuti wotembereredwa ndine ndekha. Anandichita opaleshoni, ndipo mmawa umene ndinadzuka bedi lili louma ndinalira mpaka anamwino anathamangira poyesa kuti bala latseguka.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha amuna anga amene sanandithawe, namwino uja, ndi anthu a bungwe amene sindinawaone nkhope mpaka lero. Mlongo wanga amene ukubisa chako, usaleke kupemphera, koma usatsekenso pakamwa. Pita ukanene kuchipatala. Ngati mawu akukanika, bwera undipeze, tikanenera limodzi. Ameni.