Nkhoswe Wodzituma Yekha

Cosmas Mumba, mphunzitsi wa kusekondale pa boma la Petauke, anatha zaka zinayi akuuza chibwenzi chake Ennie kuti ukwati si chinthu chothamangira, koma tsiku lomwe inafika kalata ya kuyunivesite ya ku Lusaka, yonena kuti timanyumba totchipa ta ophunzira digiri yachiwiri amapatsa okwatira okhaokha, chikondi chinamugwira mwadzidzidzi ngati malungo. M'mawa mwake, Lachiwiri lina la mu Okutobala 1983, anapalasa njinga mpaka kumudzi wina kufupi ndi Minga, nakapeza malume ake a Ennie, a Amon Chibwe, kapaso, ndiye kuti mesenjala wa khoti, wopuma pantchito, atakhala patsinde pa mango akuswa mtedza.

"Odi, bambo!"

"Odini, aphunzitsi. Mpando uwo. Lelo si Lachiwili? Ana a eni mwawasiyila ndani?"

"Ndapempha kwa ahedi. Nkhani yanga ni yamsangamsanga. Ndifuna kukwatila Ennie."

A Chibwe anaswa mtedza wina, naponya makoko kumbali, nayang'ana kumwamba.

"Kwatentha chaka chino. Mvula ichedwa."

"Bambo, ndati ndifuna kukwatila Ennie."

"Pakamwa panu ndaona pagwedezeka, koma sindinamve kanthu. Mwamuna sadzilankhulila yekha za ukwati. Nkhoswe wanu ali kuti?"

"Amalume anga ali ku Mwape. Kukawatenga ni masiku atatu. Pepala la ukwati lifunika ku Lusaka Lachisanu, likapanda kufika nyumba apatsa wina."

"Ichedwa ndithu mvula."

Cosmas anali atamulawa kale Lusaka mwezi wathawo. Anayenda Kalingalinga yense, Mtendere yense, mpaka nsapato kubooka, ndipo kachipinda kotchipitsitsa komwe anapeza, kopanda zenera, kankadya ndalama zonse zomwe boma limapatsa wophunzira. Popanda kanyumba ka kuyunivesite sukulu inali itathera pomwepo, ndipo khoti silikanapereka pepala la ukwati popanda mkulu woswa mtedzayu kukavomera pamaso pake.

"Chabwino!" anatero akudzimenya pachifuwa. "Nkhoswe ndine. Ndadzituma."

A Chibwe analingalira kwa kanthawi. Zaka makumi awiri za pakhoti zinawaphunzitsa kuti chomwe sichinaletsedwe n'chololedwa.

"Lamulo loletsa sindilidziwa. Koma nkhoswe sindinamuone akufika. Bwelelani kumsewu, muodilenso."

"Bambo, nthawi..."

"Kwatentha chaka chino."

Mphunzitsi wa digiri, tayi ali m'khosi, anakankha njinga mpaka kumsewu, natembenuka, nabwerera.

"Odi!"

"Odini! Aa, alendo! Osati pampando, pamenepo pakhala aphunzitsi. Ankhoswe akhala pamphasa. Ndipo sabwela chimanjamanja."

Cosmas anamasula pakaliyala botolo la saladi, mafuta ophikira osowa aja, lomwe analiimira pamzere theka la tsiku. A Chibwe analiyang'ana padzuwa, nalibisa kuseri kwa mwendo wawo.

"Lomba makutu atseguka. Wakutumani ndani?"

"Cosmas Mumba."

"Uja wa miyendo yoonda? Amene wamaliza nkhuku za mlongo wanga Consolata?"

"Sanamalize zonse."

"Munalipo?"

"Ana... anandiuza."

"Ni wabodza. Zaka zinayi, Sabata lililonse nkhuku. Khola lija lomba tisungilamo makasu. Koma musakamuuze kuti ndatelo, angakhumudwe."

"Sindikamuuza," anatero Cosmas, mano ali gwa.

"Amukonda Ennie?"

"Kwambili."

"Chinayamba liti chikondi chofulumila chotele?"

"Kalekale."

"Nanga kalata ya ku Lusaka inafika liti?"

"Mailo, Lolemba."

"Ehe."

Manyazi anamugwira Cosmas, chifukwa iye ankamukondadi Ennie, kungoti chikondi chakecho chinali cha mtundu wosadziwa kalendala. Anayang'ana pansi, nachotsa kachitsotso pamphasa.

"Munthu wanuyo," anapitiriza a Chibwe, "nyumba ali nayo?"

"Alibe. N'chifukwa chake afuna kukwatila."

"Mwalankhula chobwelela m'mbuyo. Bwelezani."

"Akakwatila, amupatsa nyumba ku Lusaka."

"Kuno kwathu mkamwini ayamba wamanga nyumba kwa mkazi. Malo ndinamusungila kale, apo pafupi ndi chulu. Adule mitengo, azike, amate, afolele. Tikaona kuti siidontha, tipita kukhoti."

"Bambo, ndati Lachisanu!"

"Udzu unapsa ndi moto wa osaka mbewa. Wina umela ndi mvula. Amweta mu Juni."

"Juni!"

"Kapena Julayi, kuti uume bwino."

Cosmas anadzuka, nakumbukira kuti ndi nkhoswe, nakhalanso pansi.

"Koma nyumbayo sadzakhalamo! Apita ku Lusaka!"

"Mwambo sunena zokhalamo. Unena zomanga."

"Nyumba yopanda munthu?"

"Mbuzi zilipo."

"Tamvetsani, bambo. Kuti apeze nyumba, afunika mkazi."

"Ndamva. Kuti apeze mkazi, afunika nyumba."

"Nanga ayambile pati?"

"Pa udzu."

Cosmas anamasula tayi. Ana makumi anayi a Fomu 3 ankawakwanitsa ndi diso lokha, koma mkulu mmodzi ndi lichero la mtedza anali kumutulutsa thukuta mpaka m'masokosi.

"Dziko linasintha, bambo. Tili pa ufulu. Chipani chifuna anthu ophunzila kuti atukule dziko."

"Khadi la chipani ndili nalo, lili m'Baibulo umo. Ndinaliwelenga kutsogolo ndi kumbuyo. Palibe pomwe analemba kuti akamwini aleke kumanga." Anaswa mtedza wina. "Ku Lusakako akagwila nchito yanji?"

"Si nchito. Ni sukulu."

"Mphunzitsi abwelela kukakhala pa desiki? Analephela?"

"Sanalephele! Anakhoza bwino kwambili, n'chifukwa chake amuitananso."

"Kwathu kuno wobwelela kusukulu ni wolephela. Akaphunzila chiyani?"

Cosmas anatsokomola pang'ono.

"Za kusowa kwa nyumba m'matauni."

"Zaka zingati?"

"Ziwili."

"Zaka ziwili kuphunzila kusowa nyumba? Si adziwa kale?"

"Afuna akadziwe chifukwa chake!"

"Chifukwa chake n'chakuti sanamange. Mukamuuze, asavutike n'kukwela basi."

Apa Cosmas anasolola kalata ija m'thumba la malaya, naiponya palichero pamwamba pa mtedza.

"Welengani nokha! Si kanyumba wamba. Chipinda chogona, pabalaza, kakhichini. Madzi a pampopi m'kati. Magetsi! Ennie sadzasenzanso mtsuko. Inu mufuna akane zonsezi chifukwa cha chulu?"

A Chibwe anavala magalasi omangidwa ndi ulusi, nayamba kuwerenga Chingerezi cha m'kalatamo ndi chala, milomo ikuyenda. Anafika pansi, nabwerera pamwamba. Nkhuku ya kwa aneba inadutsa, niyang'ana Cosmas, nithamanga.

"Apa alemba kuti wosakwatila sapatsidwa."

"Ndi zomwe ndakhala ndikunena!"

"Cosmas akapita yekha?"

"Amubweza pageti."

"Akapita ndi Ennie?"

"Amupatsa makiyi."

"Ndiye kuti popanda Ennie nyumba palibe."

"Palibe."

"Hmm. Nanga nyumbayi ni ya ndani?"

Apo m'mutu mwa Cosmas munawala. Si pachabe anthu ankati mnyamatayu ndi wanzeru, ndipo iye mwini ankavomereza mawuwo kuposa wina aliyense. Anaona kakhomo katatseguka, nalowapo ndi miyendo yonse iwiri.

"Ni ya Ennie! Bambo, mwaigwila nkhani! Nyumba ibwela chifukwa cha Ennie, ndiye kuti ni yake. Cosmas akapita kukakhala m'menemo, wapita kwa mkazi. Chikamwini chakwana! Palibe chomangila pachulu!"

"Mwati ni ya mwana wathu?"

"Ya mwana wanu!"

"Osati ya Cosmas?"

"Cosmas ni mkamwini chabe. Alibe ngakhale msomali m'menemo."

"Ankhoswe, mawu awa ni olemela. Munthu wanu sadzawakana?"

"Ndimudziwa bwino. Sangakane."

"Tilembe."

Kapaso sataya khalidwe lake. A Chibwe analowa m'nyumba, natuluka ndi kope la ana a sukulu ndi bolopeni, nalemba pang'onopang'ono ndi zilembo zikuluzikulu kuti nyumba ya ku Lusaka ndi ya Ennie ndi a kwawo, ndipo Cosmas Mumba akalowamo ngati mkamwini, motsata mwambo wonse.

"Sainani apa, ankhoswe."

Cosmas anasaina.

"Apa asaine mwini wake."

"Patseni."

"Inu mwasaina kale. Kamuitaneni."

Cosmas sanatsutsenso. Anadzuka pamphasa, nazungulira mtengo wa mango, nakhala pampando.

"Aa, aphunzitsi, mukali pano? Ankhoswe anu ni munthu womveka. Sainani."

Anasaina kachiwiri, ndipo mtima wake unali kale pabasi. Ankadziona atakhala pansi pa getsi, mabuku ali mbwee patebulo, madzi akutuluka pakhoma. M'maganizo mwake, iye anali atamugonjetsa mkulu wosaphunzirayu ndi mwambo wake womwe, ndipo Cosmas anayamba kale kukonza mmene akaifotokozere nkhaniyi kwa aphunzitsi anzake.

"Mailo Lachitatu m'mawa tipita kukhoti," anatero a Chibwe akupinda pepala lija kanayi. "Pepala la ukwati mutenga. Lachinayi mukwela basi. Koma bwelelani pamphasa, nkhani yotsala ni ya ankhoswe."

Cosmas anabwerera pamphasa akumwetulira.

"Nyumba ya mwana wathuyi, ili kutali ndi chipatala chachikulu?"

"Pafupi! Basi imodzi chabe."

"Mulungu ni wabwino." Anatembenukira kunyumba ya kuseri, nakuwa. "Consolata! Yamba kuchapa zovala zako! Malo apezeka!"

Kumwetulira kwa Cosmas kunaima pakati.

"Malo anji, bambo?"

"Amai ake a Ennie miyendo ija itupa. Adokotala pa Minga anawalembela kalata chaka chatha kuti akaonedwe ku Lusaka. Tinalephela chifukwa chosowa pofikila. Manje pofikila palipo, kwa mwana wawo."

"Ee... inde. Sabata imodzi kapena ziwili, palibe vuto."

"Anati mankhwala ake ni a nthawi yaitali."

"Yaitali bwanji?"

"Sananene. Koma nyumba mwati ni ya zaka ziwili, tiyamba ndi zimenezo."

"Bambo, chipinda n'chimodzi!"

"Chikwana. Wodwala pabedi, Ennie pansi kuti aziwadwazika."

"Ndiye Cosmas pabalaza?"

"Pabalaza ndine. Mlongo wanga angapite ku Lusaka popanda womupelekeza? Adziwa Chizungu?"

Cosmas anawerenga zipinda m'mutu mwake. Sizinachedwe kutha.

"Kakhichini," anatero ndi mawu ang'onoang'ono. "Akapinda miyendo akwanamo. Ni yoonda, mwanena nokha."

A Chibwe anavula magalasi, namuyang'ana ngati munthu amene watukwana m'tchalitchi.

"Mkamwini kugona denga limodzi ndi apongozi ake? Kukumana nawo pakhomo m'mawa, maso ndi maso, mswachi uli m'kamwa? Ankhoswe, munaleledwa kuti?"

"Koma ku tauni anthu..."

"Mwalemba apa: motsata mwambo wonse. Mwasaina kawili."

"Ndasintha maganizo!"

"Ndani wasintha? Nkhoswe kapena mwini wake? Nkhoswe wati mwini wake sangakane. Mwini wake sadzilankhulila."

Cosmas anayang'ana mpando, nayang'ana mphasa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anasowa poti akhale kuti anene zanzeru. Kuseri kuja madzi anali atayamba kale kukhuthulidwa m'beseni, ndipo munthu wina ankaimba kanyimbo mosangalala. Mawuwo anali a Ennie.

"Bambo," anatero pomaliza, ulemu ndi ukali zitatheratu. "Nanga ine ndikagona kuti?"

A Chibwe anakokera lichero pafupi, natola mtedza wina.

"Inu ndinu nkhoswe, mugona kwanu. Koma munthu wanuyo mukamuuze ayambiletu kufunafuna nyumba. Ndamva ati ku Lusaka n'zodula."