Minibasi Yosadzaza pa Masambanjati

Pasiteji ya Masambanjati minibasi inangoima padzuwa yopanda munthu, okwera onse atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Mayi wina wothyola tiyi, fulasiki ya phala ili m'manja, anayandikira bambo wa chipewa choyera.

"Bambo, bwanji anthu sakulowa? Amuna anga ali m'chipatala ku boma, anesi aimba kuti ndifulumire."

"Mukutentha m'menemo, mayi. Aliyense akudikira kuti idzaze kaye."

"Idzaza ndi ndani, poti onse ali panja?"

"Nzeru zake ndi zimenezo. Mwana wanga anaziphunzira ku koleji. Akuti azungu a zachuma anapeza kalekale kuti munthu wanzeru amasankha zomukomera yekha. Aboma atamva anasiya kutiyendetsera mabasi, ati tizidzisankhira."

"Ndiye tonsefe ndife anzeru?"

"Kwabasi! Chikhalireni m'mawa, palibe watuluka thukuta."

"Chonde, tiyeni tilowe awirife, ena atsatira. Mwina ndikawapeza akupumabe."

"Pepani mayi, ine ndimalowa pomaliza. Ndine dalaivala."

Mayi aja analowa okha, nakhala pawindo, fulasiki ili pamiyendo. Kumthunzi kunamveka mawu.

"Walowa mmodzi. Tiyeni tidikire."